Kusala Kudya M'miyezi ya Njala: Kodi Lenti Ili ndi Phindu Lanji?

Chaka ndi chaka, pakati pa masiku oyamba a Febuluwale ndi pa 10 Malichi, pamafika tsiku lina Lachitatu limene anthu ambiri amaoneka m'misewu, m'misika ndi m'masukulu ali ndi kamtanda kakuda pamphumi. Wosadziwa angayese kuti anthuwo aiwala kusukusula, koma ayi: limenelo ndi phulusa, ndipo alilandira mwadala. Tsikuli ndi Lachitatu la Phulusa, chiyambi cha nyengo ya Lenti imene Akatolika, a Anglican, a Lutheran ndi Akhristu ena ambiri amaisunga pokonzekera chikondwerero cha Pasaka.

Kuno ku Malawi nyengo imeneyi imafika pa nthawi yowawitsa. Nkhokwe zambiri zimakhala zitayera, chimanga cham'munda chisanakhwime, ndipo mtengo wa thumba pamsika umakhala utakwera. Ndi miyezi imene bambo amasiya munda wake nakagwira ganyu m'munda wa mnzake kuti ana alawe phala. Njala ya chaka cha 2002 inapha anthu ambiri m'miyezi yomweyi ya Febuluwale ndi Malichi. Tsono achinyamata oganiza bwino amafunsa, ndipo funso lawo si lachipongwe: kodi munthu amene wagona ndi njala angauzidwe bwanji kuti asale kudya? Kodi Mulungu amakondwa akaona m'mimba mwa anthu muli pululu? Ngati sakondwa, nanga phindu la nyengoyi lili pati?

Funsoli silingayankhidwe bwino popanda kuyamba kuona kumene mwambowu unachokera.

Masiku 40 anachokera kuti?

Dzina lakuti Lenti silipezeka m'Baibulo. Linachokera ku Chingerezi chakale, ndipo linkatanthauza nyengo imene chisanu chimatha ku Ulaya, masiku nayamba kutalika. Akhristu a ku Mozambique amene amapemphera m'Chipwitikizi amaitcha Quaresma, kuchokera ku mawu a Chilatini otanthauza 40. Dzina lachiwirili ndilo likulongosola bwino, pakuti chiwerengero chimenechi chimabwerabwera m'Malembo Oyera. Mvula ya chigumula inagwa masiku 40. Mose anakhala paphiri la Sinai masiku 40. Aisraele anayendayenda m'chipululu zaka 40. Mneneri Eliya anayenda masiku 40 kukafika kuphiri la Horebu. Anthu a ku Nineve anapatsidwa masiku 40 kuti atembenuke mtima. Yesu mwini wake anasala kudya m'chipululu masiku 40 asanayambe ntchito yolalikira. M'nkhani zonsezi, nthawiyi ndi yapakati: zakale zatha, zatsopano sizinafike, ndipo munthu alibe china chotsamira koma Mulungu yekha.

Akhristu oyamba sanayambe ndi masiku ochuluka chotere. Cha m'ma 190, Irenaeus, episkopi wa ku Lyons, analembera kalata Victor, episkopi wa ku Roma, yofotokoza kuti Pasaka isanafike ena ankasala kudya tsiku limodzi, ena masiku awiri, enanso kupitirira apo, koma kusiyanako sikunkawadanitsa. Pofika chaka cha 325, pamene maepiskopi anasonkhana ku Nicaea, nyengo ya masiku 40 inali itayamba kudziwika. Athanasius, episkopi wa ku Alexandria m'dziko la Egypt, ankalemba makalata chaka ndi chaka olengeza tsiku la Pasaka, ndipo m'makalata ena analimbikitsa anthu ake kusunga masiku 40 amenewa. Motero mwambowu uli ndi mizu yakuya mu Africa momwe muno. Mpaka lero Akhristu a mpingo wa Orthodox ku Ethiopia amasala masiku 55 Pasaka isanafike.

Wophunzira wokonda masamu akawerenga masiku kuyambira Lachitatu la Phulusa kufikira Loweruka Loyera adzapeza 46, osati 40. Chinsinsi chake n'chakuti masiku asanu ndi limodzi a Lamulungu sawerengedwa, chifukwa Lamulungu lililonse ndi chikumbutso cha kuuka kwa Ambuye, ndipo si tsiku losala kudya. Tsiku la Pasaka limasinthasintha popeza limatsata mwezi wakumwamba: ndi Lamulungu loyamba mwezi ukakhwima pa 21 Malichi kapena pambuyo pake. N'chifukwa chake Pasaka siingafike pa 22 Malichi pasanakwane, ndiponso siingapitirire pa 25 Epulo.

Chinthu china chimene ambiri amaiwala n'chakuti Lenti inakula makamaka kaamba ka ubatizo. Kale anthu akuluakulu ankabatizidwa usiku wa Pasaka, ndipo masabata otsogolera usikuwo anali nthawi ya maphunziro awo omaliza. Mpingo wonse unkasala ndi kupemphera pamodzi nawo, monga momwe mudzi umaperekezera mwana wake pa ulendo waukulu. Augustine, mwana wa mu Africa wobadwira ku Thagaste m'dziko limene lero ndi Algeria, anadutsa m'njira yomweyi. Atataya zaka zambiri akusaka nzeru ndi zokondweretsa thupi, mayi ake Monica akumulirira, anabatizidwa ndi episkopi Ambrose ku Milan usiku wa Pasaka m'chaka cha 387. Amishoni atafika m'dziko lino, a Montfort ku Nzama m'chaka cha 1901 ndi a White Fathers ku Mua m'chaka cha 1902, nawonso sanathamangire kubatiza. A White Fathers ankaphunzitsa munthu zaka zinayi asanamupatse ubatizo. Choncho kuyambira pachiyambi Lenti inali njira yopita ku moyo watsopano. Njala inali chabe chimodzi mwa zida za paulendowo.

Phulusa

Kale ku Roma, anthu amene anachita machimo aakulu odziwika, monga kupha munthu kapena kukana chikhulupiriro, ankavala ziguduli ndi kudzola phulusa pachiyambi cha Lenti. Ankakhala padera mpaka Lachinayi Loyera, pamene episkopi ankawalandiranso mumpingo. Patapita zaka, Akhristu ena anayamba kulandira nawo phulusalo, pozindikira kuti palibe amene angaloze mnzake chala iye ali woyera. M'chaka cha 1091, pa msonkhano wa ku Benevento, Papa Urban II analamula kuti onse, ansembe ndi anthu wamba, amuna ndi akazi, azilandira phulusa.

Phulusalo limapangidwa potentha nthambi za kanjedza zimene anthu ananyamula moimba ndi mokondwa pa Lamulungu la Kanjedza chaka chapitacho. Polipaka pamphumi, wansembe amakumbutsa munthu kuti anachokera kudothi ndipo adzabwerera komweko, kapena amamuuza kuti atembenuke mtima. Pamzere wolandira phulusa, nduna ndi mlonda wake amaima pamodzi, mphunzitsi wamkulu ndi mwana wa Sitandade 1 amalandira chizindikiro chimodzimodzi. Ndi malo ochepa kwambiri padziko pano pamene anthu amafanana chotere.

Mmalawi safunika kuuzidwa zambiri za phulusa, pakuti amalidziwa kuyambira ali mwana. Ndi chotsala cha nkhuni zimene zapsa, inde, koma silitayidwa mwachisawawa. Amayi amakwechera nalo miphika mpaka kuwala. Amatcheza nalo chidulo chofewetsera thelere. Alimi ena amasakaniza phulusa ndi nyemba zambewu kuti anankafumbwe asaziwononge. Chinthu chooneka chakufa chimayeretsa, chimafewetsa, chimasunga mbewu. Kukumbukira imfa kumachitanso chimodzimodzi mumtima wa munthu. Amene akudziwa kuti masiku ake ndi owerengeka sachedwa kupepesa, ndipo saona chifukwa chosungira chakukhosi zaka khumi pa nkhani ya malire a munda.

M'tchalitchi namonso mumasintha. Wansembe amavala zovala za mtundu wa chibakuwa, maluwa amachotsedwa paguwa, ndipo Aleluya saimbidwa mpaka usiku wa Pasaka. Makolo akale ankadziwa kudika, ndiko kudziletsa pa zina za m'banja pa nthawi ya maliro kapena ya chinamwali, pozindikira kuti nthawi yaikulu imafuna kuti anthu adzigwire. Maganizo akuti chinthu chabwino chingasiyidwe kwa kanthawi kaamba ka china choposa si achilendo kwa anthu a kuno.

Kusala kumene Mulungu amafuna

Pa Lachitatu la Phulusa amawerenga mutu 6 wa Uthenga Wabwino wa Mateyu, pamene Yesu akutchula zinthu zitatu: kuthandiza osauka, kupemphera ndi kusala kudya. Pa chilichonse mwa zitatuzi akuchenjeza kuti chichitike mobisika, osati pofuna kuti anthu aone ndi kuyamikira. N'zochititsa chidwi kuti mawu amenewa amawerengedwa pa tsiku lomwe anthu amatuluka m'tchalitchi ali ndi chizindikiro choonekera pamphumi. Ili ndi chenjezo lakuti phulusa lokha silinena kanthu. Limachoka ndi madzi a m'mawa wotsatira, ndipo chotsala ndi chimene chili mumtima.

Malamulo a kusala kudya mu Mpingo wa Katolika lero ndi opepuka poyerekeza ndi akale. M'chaka cha 1966 Papa Paul VI anawakonzanso, ndipo buku la malamulo a Mpingo la 1983 linawakhazikitsa motere: masiku osala kudya ndi awiri, Lachitatu la Phulusa ndi Lachisanu Loyera, ndipo lamuloli limakhudza anthu a zaka 18 kufikira 59. Kusala nyama kumayambira pa zaka 14. Odwala sakakamizidwa. Papa yemweyo anasiyanitsa pakati pa anthu okhala m'chuma ndi anthu okhala mu umphawi. Anati olemera ayenera kudzimana kwambiri ndi kugawana ndi ovutika, pamene osauka apereke kwa Mulungu masautso amene ali nawo kale, uku akulimbikira kuti chilungamo chichitike pakati pawo. Apa ndiye pali theka la yankho la funso lija. Mpingo suuza mayi amene wadyetsa ana ake gaga kuti achepetsenso. Iye Lenti yake inayamba kale mu Januwale.

Theka linalo likupezeka m'buku la mneneri Yesaya, mutu 58. Anthu a nthawi imeneyo ankadandaula kuti akusala kudya koma Mulungu sakuwaona. Mneneriyo anawayankha kuti pa tsiku lomwe akusalalo amazunza antchito awo, amakangana ndi kumenyana. Anawauza kuti kusala kumene Mulungu amafuna ndi kumasula omangidwa popanda chilungamo, kugawana chakudya ndi anjala, kulandira m'nyumba osowa pogona ndi kuveka amaliseche. Papa Leo, amene anatsogolera Mpingo kuyambira 440 kufikira 461, ankaphunzitsa zomwezi m'maulaliki ake: chimene munthu wadzimana posala chisanduke chakudya cha mmphawi.

Tsono ngati bwana wasiya nyama Lachisanu nagula chambo chodula kuposa nyamayo, sanasale kanthu, wangosintha ndiwo. Ngati wina wasiya mowa masiku 40 nasunga ndalamazo kuti adzamwere pa Pasaka, wangochedwetsa phwando. Koma ngati banja limene lili ndi matumba khumi m'nyumba lichepetsa nsima yamadzulo, ufa wotsalawo nukalowa m'nyumba ya gogo wosamalira ana amasiye, pamenepo kusala kwabala chipatso. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika. Poona motere, palibe nthawi ina m'chaka imene Lenti ikanagwera bwino m'dziko lino kuposa miyezi ya njala, pakuti ndi pamene mbale imodzi ya ufa imalekanitsa moyo ndi imfa.

Zimenezi zinaoneka m'mwezi wa Malichi chaka cha 2023, pakati pa Lenti, pamene namondwe wa Freddy anagumula mapiri ndi kukokolola nyumba ku Chilobwe mumzinda wa Blantyre, ku Mulanje, ku Phalombe, ku Chiradzulu ndi madera ena a kumwera. Anthu mazanamazana anafa, ndipo masukulu ambiri anasanduka misasa ya osowa pokhala. Thandizo loyamba silinachokere kutali. Linachokera kwa anansi amene anakumba matope ndi makasu, ndi kwa amayi amene anagawa zitenje ndi ufa wawo wochepa, Akhristu ndi Asilamu pamodzi.

Chikondi chosagulidwa

Pali ngozi imodzi imene imabisala m'nyengoyi. Munthu angayambe kuganiza kuti Mulungu ali ngati mwini sitolo, amene amapereka chikondi chake molingana ndi masiku amene wina wasala. Maganizo otere amavutitsa makamaka anthu amene akula ndi mayeso. Kuyambira Sitandade 8 kufikira Fomu 4, mwana amaphunzira kuti mtengo wake umalembedwa papepala: wakhoza kapena walephera, wasankhidwa kapena watsala. Zotsatira za MSCE zikatuluka, ena amavina, ena amadzitsekera m'nyumba kuopa maso a anthu. N'kwapafupi kuti munthu wotere aganize kuti nakonso kumwamba kuli mndandanda wa okhoza, ndipo dzina lake palibe.

Nkhani ya kuyesedwa kwa Yesu, imene imawerengedwa pa Lamulungu loyamba la Lenti, ikuphunzitsa zosiyana. Asanapite kuchipululu, Yesu anabatizidwa mumtsinje wa Yordano, ndipo mawu ochokera kumwamba anamutcha Mwana wokondedwa. Pa nthawi imeneyo anali asanachiritse wodwala ngakhale mmodzi, asanalalike ulaliki uliwonse. Chikondi chinatsogola, ntchito inadza pambuyo. Ndipo woyesa uja atafika, anayamba ndi kukayikitsa umwana womwewo. Anafuna kuti Yesu atsimikize kuti ndi Mwanadi posandutsa miyala kukhala chakudya, kapena podziponya pansi kuchokera pamwamba pa Kachisi kuti anthu aone. Pomaliza anamulonjeza maufumu a dziko lapansi ngati amugwadira. Yesu anakana zonse zitatu, chifukwa amene akudziwa kuti ndi wokondedwa safunika kudzitsimikizira kwa wina aliyense.

Mayesero atatu amenewa sanakalambe. Mnyamata amene wamaliza sukulu nakhala pakhomo zaka ziwiri osapeza ntchito ali m'chipululu chake. Amamva mawu omuuza kuti apeze ndalama mwa njira iliyonse, kaya ndi juga ya mpira pafoni, kaya ndi katundu wakuba. Amamva mawu omuuza kuti adzionetse, avale zodula zangongole kuti anzake asamuseke. Mtsikana amauzidwa kuti ntchito ilipo, bola agwadire amene ali ndi mphamvu yolemba anthu. Pansi pa mayesero onsewa pali bodza limodzi, lakuti munthu wopanda kanthu m'manja alibenso mtengo. Lenti imaphunzitsa munthu kukhala wopanda kanthu mwa kufuna kwake kwa kanthawi, kuti aone ndi maso ake kuti bodzalo ndi bodzadi.

Fanizo la mwana wolowerera, m'mutu 15 wa Luka, likufika pamtima pa nkhaniyi. Mwana wamng'ono anapempha chuma chake bambo ake ali moyo, chinthu chimene pamudzi uliwonse chingaoneke ngati kuwafunira imfa. Anakachimwaza kudziko lakutali, njala nimugwira, mpaka anasirira zakudya za nkhumba. Chimene chinamubweza kwawo poyamba sichinali chisoni chozama ayi, inali njala. Panjira anakonza mawu oti akapemphe kukhala wantchito, kuti azilipira ndi thukuta lake. Koma bambo ake anamuona akali patali, nathamanga kukamukumbatira. Munthu wamkulu wolemekezeka sathamanga pamaso pa anthu. Amakhala pakhonde, wolakwayo nabwera chokwawa, ankhoswe ali pambali. Bambo uyu anataya ulemu wake kuti mwana wake asayende yekha pakati pa mudzi ndi manyazi. Mawu opempha uganyu aja sanamalizidwe n'komwe, pakuti bamboyo anali ataitanitsa kale chovala ndi mphete.

M'fanizomo muli mwana winanso, wamkulu, amene sanachoke pakhomo. Iye anakana kulowa m'nyumba ya phwando, nawerengera bambo ake zaka zonse zimene anawagwirira ntchito. Anali pakhomo ndithu, koma mumtima mwake anali waganyu, osati mwana. Akhristu ambiri okhulupirika, osajomba kutchalitchi, amafanana ndi mwana ameneyu. Bambo anatulukanso panja kukamupepesa iyeyo. Fanizoli limatha osanena ngati analowa kapena ayi, ndipo yankho lake limatsalira womvera.

Kulapa ndi kupepesa

N'chifukwa chake kulapa kwa Chikhristu si kudzida. Petulo ndi Yudasi onse awiri analakwira Mbuye wawo usiku umodzi, wina pomukana katatu, wina pomugulitsa. Onse awiri anamva chisoni. Kusiyana kwawo n'kwakuti Yudasi anasenza chisoni chake yekha mpaka chinamupha, pamene Petulo analira nabwerera kwa anzake, ndipo pambuyo pake anapatsidwa udindo woweta nkhosa. Wachinyamata amene walakwa, kaya watenga pathupi ali pasukulu, kaya wadya ndalama za fizi, kaya walephera mayeso kawiri, ayenera kudziwa kuti njira ya Petulo ndi yotsegula. Mutu umodzi susenza denga. Cholemera chikauzidwa kwa kholo, kwa mphunzitsi wokhulupirika, kwa wansembe kapena m'busa, chimayamba kupepuka.

Akatolika amapita ku sakramenti la kulapa m'nyengoyi, ndipo Akhristu a mipingo ina amaulula machimo awo kwa Mulungu m'pemphero. Koma onse amagwirizana pa mfundo imodzi, yakuti kulapa kwenikweni kumafika mpaka kwa munthu amene analakwiridwa. Mwambo wa makolo umadziwa bwino zimenezi. Wolakwa sangoti pepani ali chiimire. Amapita ndi nkhoswe, amagwira nkhuku, amabweza chimene anawononga. Zakeyu wa ku Yeriko, wokhometsa msonkho uja, atalandira Yesu m'nyumba mwake analonjeza kubweza kanayi zimene analanda anthu. Amene anabwereka ndalama za mnzake nayamba kumuzemba panjira, Lenti yake iyambire pa ngongoleyo.

Pamene dziko lonse linaitanidwa kulapa

Kulapa sikukhudza munthu payekha pokha. Mbiri ya dziko lino ili ndi umboni wake. Pa 8 Malichi 1992, limene linali Lamulungu loyamba la Lenti, m'matchalitchi a Katolika m'Malawi monse munawerengedwa kalata ya maepiskopi yotchedwa Living Our Faith. Mmodzi mwa amene anaisayina anali Arkiepiskopi James Chiona wa ku Blantyre. Kalatayo inanena poyera zimene anthu ankangonong'onezana: kusiyana kwakukulu pakati pa olemera ndi osauka, malipiro ochepa a antchito, kuthithikana kwa ana m'makalasi ndi kuchepa kwa aphunzitsi ndi mabuku, mavuto a m'zipatala, kutsekera anthu m'ndende popanda kuwazenga mlandu, ndi mantha amene ankatseka anthu pakamwa.

Boma la chipani chimodzi la nthawi imeneyo linakwiya. Maepiskopi anaitanidwa kupolisi kukafunsidwa, kalatayo inaletsedwa, ndipo Monsignor John Roche wa ku Ireland, amene ankatsogolera dayosizi ya Mzuzu, anathamangitsidwa m'dziko muno. Koma mawu anali atatuluka kale, ndipo madzi akatayika sawoleka. Ophunzira a ku Chancellor College ku Zomba anayenda m'misewu pogwirizana ndi maepiskopiwo, ndipo mipingo ina inawonjezera mawu ake. Pa 14 Juni 1993 Amalawi anavota pa riferendamu nasankha ndale za zipani zambiri, ndipo pa 17 Meyi 1994 panachitika chisankho. Zinthu zambiri zinathandiza kuti kusinthaku kuchitike, koma palibe wolemba mbiri amene amadumpha kalata ya Lenti ija. Inali mutu 58 wa Yesaya utavala zovala za Chimalawi. Ndipo ena mwa mavuto amene inatchula, makamaka a m'masukulu ndi m'zipatala, akadali pakati pa anthu kufikira lero.

Lenti ya mphunzitsi ndi ya womaliza sukulu

Kodi tsono munthu wamba angachite chiyani m'masiku 40 amenewa? Nzeru ya akale ndi yakuti asankhe chinthu chimodzi kapena ziwiri zimene angathe, pakuti pang'onopang'ono ndi mtolo. Mphunzitsi angasale mawu onyoza amene amagwa pa mwana wochedwa kumva. Angadzikakamize kufika m'kalasi belu lisanalire ndi kuchonga makope amene aunjikana patebulo. Angafunse chifukwa chimene mwana wina amasinzira m'kalasi mwezi wa Febuluwale, ndipo mwina adzapeza kuti si ulesi koma njala. Kwa mwana wamasiye, nkhope ya mphunzitsi woleza mtima ingakhale chithunzi choyamba cha chikondi cha Mulungu.

Womaliza sukulu alibe ndalama zopereka, koma ali ndi chuma chimene ogwira ntchito alibe, ndicho nthawi ndi mphamvu. Angapalire munda wa nkhalamba, angakonze denga lodontha la mayi wamasiye, angasonkhanitse ana a pamudzi madzulo ndi kuwaphunzitsa kuwerenga. Angazimitse foni ola limodzi pa tsiku nakhala chete, akuwerenga mutu umodzi wa Uthenga Wabwino wa Maliko, umene uli ndi mitu 16 yokha. Poyamba kukhala chete kumaopsa, chifukwa maganizo onse amene munthu amawathawa amabwera pamodzi. Koma mneneri Eliya paphiri la Horebu sanapeze Mulungu m'mphepo yamkuntho, m'chivomezi kapena m'moto. Anamupeza m'kamphepo kayaziyazi. M'miphakati, imene Episkopi Patrick Kalilombe anailimbikitsa mu dayosizi ya Lilongwe m'zaka za m'ma 1970, anthu amathandizana pa zoterezi, pakuti amadziwana ndipo amadziwa nyumba imene utsi sunafuke.

Ndipo amene wagwa pa sabata yachiwiri asataye mtima. Pa Njira ya Mtanda, pemphero la malo 14 limene Akatolika amachita Lachisanu lililonse la Lenti, ndi limene ena amalichita pokwera phiri la Michiru ku Blantyre, Yesu amakumbukiridwa akugwa katatu, ndipo katatu konse akudzuka. Pa njira yomweyo palinso Simoni wa ku Kirene, mzinda umene unali m'dziko limene lero ndi Libya. Iye ankangochokera kumunda pamene asilikali anamugwira kuti asenze mtanda wa munthu wina. Sanasankhe katunduyo, monga momwe ambiri sasankhira umphawi, matenda kapena ulova. Komabe dzina lake, ndi maina a ana ake Alekizanda ndi Rufu, analembedwa mu Uthenga Wabwino.

Masiku 40 akamatha, dziko nalonso limakhala litasintha. Mvula imayamba kukata, maungu amapsa, ana amaotcha mondokwa, ndipo nkhope zimene zinafota zimayamba kubwerera. Usiku wa Loweruka Loyera moto umayatsidwa panja pa tchalitchi, kandulo imodzi imalowa mumdima, anthu nayatsirana mpaka nyumba yonse iwale. Akatekumeni amabatizidwa monga anabatizidwira Augustine, ng'oma zimalira, ndipo Aleluya amene anasungidwa masabata asanu ndi limodzi amaimbidwanso ndi nthungululu.

Pamenepo ndi pamene zimadziwika ngati Lenti yagwira ntchito. Muyeso wake si kuchuluka kwa masiku amene munthu wakhala osadya. Ndi wakuti kodi ngongole ija yabwezedwa, kodi abale amene sankalankhulana adyera mbale imodzi, kodi gogo uja wafika pa nthawi yokolola ali moyo, ndipo kodi mnyamata amene ankadziyesa wopanda pake wayamba kukhulupirira kuti Atate anamuona akali patali.